Sukulu ya pakhonde kuno ku Chibavi

Funso lomwe ndatopa nalo, kaya ndi kutchalitchi kaya kuchigayo kaya pakiyosiki potunga madzi, ndi lakuti "kodi amayi, ana anu aja anawathamangitsa fizi?" Ofunsawo sindiwaimba mlandu ayi, chifukwa 9 koloko ikakwana ana onse a mulaini mwathu amakhala ali m'kalasi koma anga ali pakhonde opanda yunifomu, wina choko kumanja akukangana ndi mlongo wake nkhani ya zitsekerero za mabotolo. Ndikayankha kuti sanathamangitsidwe, amaphunzira pakhomo pompano, munthu amayamba wakhala kaye chete kenako nkuti ooo ndiye kuti ndinu aphunzitsi eti? Ayi ndithu. Ku TTC sindinapondeko, ndili ndi MSCE yanga basi ndi kabizinesi ka zitenje zomwe ndimaoda ku Taifa nkumagulitsa pa WhatsApp. Ena amati homeschooling, ife timangoti sukulu ya pakhonde.

Kwathu ndi ku Ntcheu, kuno ku Mzuzu tinabwera chifukwa cha ntchito ya bambo awo. Ana alipo atatu, wamkulu ndi wamwamuna wa zaka 7, wachiwiri wamkazi wa zaka 5, ndi kachitsiriza ka zaka ziwiri komwe ntchito yake pasukulu pano ndi kudya choko ndi kufufuta zomwe anzake alemba.

Mmene zinayambira si kuti tinakhala pansi nkupanga pulani yapamwamba ayi. Wamkuluyu anali pa kasukulu kena ka pulaiveti, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zonse zinakwera, fizi nayo sinatsale, kuphatikiza ya sacramento, njinga ya kabaza ija, yomunyamula m'mawa ndi masana, kuphatikiza kamba wa pa buleki. Koma ndalama sizinali nkhani yokhayo. Mwanayu amaimba ABC mpaka kumapeto osaphonya, ndakatulo za Chingerezi amaloweza bwinobwino mpaka alendo kuomba m'manja, koma ukamulembera mawu oti galu papepala amangokuyang'ana nkumwetulira. Tinakaonanso sukulu ya boma yomwe tili nayo pafupi, poti pulayimale ndi yaulere chiyambire 1994 ndipo ifenso tinaphunzira momwemo. Mukalasi ya sitandade 1 munali ana opitirira 100, mphunzitsi m'modzi, mawu atasasa kale nthawi isanakwane ndi 10 yomwe. Boma limati mphunzitsi m'modzi aziona ana 60, koma mayi uja ndinamumvera chisoni abale, angathe bwanji kudziwa kuti mwana uyu wagwira pensulo molakwika kapena uyo sakuona bwino pabolodi? Tinagwirizana ndi bambo awo kuti tiyese kaye pakhomo mpaka mwana adziwe kuwerenga, ndipo kuyesa kuja ndi kumeneku tikadali.

Tsiku lathu limayamba ndi mbaula. Amene simunakhaleko kuno Juni ndi Julayi simungamvetse, kumazizira zosakhala bwino, chifunga chimatha kukuta mpaka dzuwa litakwera, kamvula kowaza kosatha kaja nkumangoti waa tsiku lonse, zochapa osauma. Ndiye ubwino umodzi womwe ndimauona ndi woti sindidzutsa mwana mdima ulipo kukamusambitsa akunjenjemera. Amadzuka, kusesa, wamkulu kutsuka makapu, phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kenako cha m'ma 8 timakhala pamkeka. Bolodi yathu ndi pulayiwudi yotsala yomwe kalipentala wina anatipatsa, tinaipaka penti yakuda nkuikhomera pakhoma. Maphunziro enieni okhala pansi satenga nthawi yaitali, ola limodzi ndi theka zikavuta maola awiri, kupitirira apo ndiye kuti mukungozunzana, mwana akuyasamula iwenso mtima ukukwera.

Chinthu chomwe sindinyengerera ndi kuwerenga, tsiku lililonse, ngakhale tsiku loti ndadwala mutu kapena kuli maliro mulaini. Ndipo timayambira Chichewa. Apa anzanga ambiri amanditsutsa, amati mwana ayambe ndi Chingerezi kuti lilime lifewe, koma ine ndimati Chichewa chimalembedwa mmene chimamvekera, mwana akadziwa a e i o u ndi maphatikizo ake ndiye kuti njira yatseguka, pomwe Chingerezi lemba limodzi lomwelo limatha kumveka mosiyanasiyana, mwana wa zaka 5 nkumuuza kuti angoloweza. Ndinadula makatoni a sopo timakadi ting'onoting'ono, pakadi lililonse phatikizo limodzi, ma me mi mo mu, ta te ti to tu, choncho. Timawamwaza pamkeka nkumasewera ngati juga, ndatola awiri, werenga. Wamkaziyu anatenga nthawi, amatchula kadi loyamba bwinobwino, lachiwiri bwinobwino, koma kuwalumikiza ayi, akafika pa lachiwiri loyamba laiwalika kale. Tsiku lina ndinamuikira mo ndi to. Anati mo, nkukhala, to. Ndinati fulumirako pang'ono. Mo, to. Mo to. Kenako anatembenuka kuyang'ana mbaula yomwe inali pambali pake nkukuwa kuti moto! mpaka kamwana kaja kanadzidzimuka nkuyamba kulira. Kuchokera tsiku limenelo palibe chikwangwani chomwe chimamudutsa, tikamapita kutauni timayenda mochedwa chifukwa aima pa shopu iliyonse, pa minibasi iliyonse, mpaka mawu ena olembedwa pakhoma la bala omwe sindikanafuna kuti awerenge kkkk.

Wamkulu pano akulimbana ndi maphatikizo a malemba ambiri aja, nkh, mph, ntch, ndi ng' wa ng'ombe yemwe amamusokoneza ndi ng wa ngolo. Nkhuku amalemba khuku, mphaka amalemba phaka, ndipo b ndi d akadali kusinthana malo akatopa. Ife mmene timaphunzira zolakwa zoterezi zinali za ndodo, kumbuyo kwa dzanja ndi rula. Ine sindimenya pa nkhani ya kope, ndimangomuuza kuti gwira mphuno utchule nkhuku, wamva kanthu kakunjenjemera? ndiye n ameneyo, mulembe. Kuona maso a nkhono nkudekha, ngakhale masiku ena kudekhako kumandithera ndimangodzuka nkukaika madzi pamoto kaye.

Kuti ndisasochere ndimatsatira silabasi ya boma yomwe imakonzedwa ku Malawi Institute of Education (MIE) ku Domasi. Aneba athu ena ndi aphunzitsi a sitandade 2, ndiye Loweruka lina ndimapita ndi kope langa nkuwafunsa kuti madamu mwafika pati, amandionetsa mabuku a National Reading Programme omwe anayamba mu 2016, ine nkukopera mitu yake ndi mawu atsopano. Amandiseka kuti mukanangobwera kudzatithandiza ntchito kusukulu konkuno, koma amandithandiza ndi mtima wonse, nthawi zina amamuyesa wamkuluyu kuwerenga nkundiuza mosabisa pomwe watsalira. Mabuku ena timabwereka ku National Library mutauni, ena ndimagula pansi kwa ogulitsa mabuku akale. Vuto la mabuku a ana a Chingerezi ogula pansiwa ndi loti ambiri ndi akunja, muli chipale chofewa, sitima zapansi panthaka, ana akudya zinthu zomwe ngakhale ine sindinazionepo, ndiye theka la nthawi imathera kufotokoza chithunzi osati kuwerenga. Mapeto ake tinayamba kulemba timabuku tathu, mapepala anayi opinda pakati nkusoka ndi ulusi, iwo amanena nkhani ine nkulemba, iwo nkujambula. Kabuku komwe kamawerengedwa kwambiri m'nyumba muno ndi ka tambala wa aneba yemwe anagwera m'chimbudzi, nkhani yoona, olemba ake ndi wamkuluyu.

Masamu ndiye sindivutika nawo kwenikweni chifukwa ali paliponse. Zitsekerero za mabotolo tili nazo chidebe chodzadza, ana amatola okha pagolosale. Za makumi timagwiritsa timitengo ta tsache, khumi khumi kumanga ndi mphira ya tiyubu, ndiye 34 ndi mitolo itatu ndi timitengo tinayi, ukafuna kuchotsa 8 uyenera kumasula mtolo umodzi. Kubwereka kuja komwe ife timangoloweza kuti bwereka wani osadziwa kuti tikubwereka chani kwa ndani, mwana amakuona ndi maso, mtolo wamasulidwa, timitengo tamwazika pamkeka, kamng'ono kake kathawa nato tiwiri. Madzulo bambo awo akaweruka amatulutsa bawo. Iwo amati akungosewera ndi mwana wawo koma ine ndimadziwa kuti ndi phunziro, maenje 32, njere 64, ndipo kuti udye za mnzako uyenera kuwerengeratu mumtima kuti dzanja likathera pati. Mnyamatayu pano amawerengera patsogolo osagwira njere, milomo yokha ikuyenda, ndipo tsiku lomwe anawadya bambo ake koyamba nkhani inafika mpaka ku Ntcheu pafoni.

Koma phunziro lomwe linatitengera kutali ndi la ndalama. Ndinatulutsa ndalama zamapepala zomwe ndinali nazo m'chikwama kuti tisewere shopu, wina wogulitsa wina wogula, kuphunzira kubweza chenji. Shopu sinayende nkomwe, anayamba kufunsa za nkhope. Uyu ndani, nanga uyu wavala nthenga kumutu bwanji? Pa K20 pali Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II ya konkuno ku Mzimba, pa K50 pali Inkosi Gomani II ya kwathu ku Ntcheu, apa ndinadzitama pang'ono, pa K100 James Sangala, pa K500 John Chilembwe, pa K1000 Kamuzu. Wamkaziyu anagwira K200 osaisiya, akuti bwanji mzimayi alipo yekha. Ndinamuuza kuti amenewo ndi mayi Rose Chibambo, anabadwira ku Kafukule m'boma lomwe lino la Mzimba, amatsogolera amayi pomenyera ufulu nthawi ya atsamunda, ndipo mu 1959 anawamanga atangobereka kumene, nkupita nalo khandalo kundende ku Zomba. Anamwalira mu Januwale 2016 ndipo anaikidwa konkuno ku Mzuzu ku Heroes Acre. Mwana anakhala chete akuyang'ana ndalama ija kenako anafunsa kuti amama, nanga khandalo linalakwa chani? Ndinalibe yankho lokonzeka. Tinakambirana za atsamunda, za chifukwa chomwe pa 3 Malichi anthu sapita kuntchito, zinthu zomwe ndimaganiza kuti ndidzawauza akadzafika sitandade 5 uko. Mpaka lero K200 ikalowa m'nyumba muno amafuna aisunge iye, ndimachita kumusinthitsa ndi ma K100 awiri.

Wamkulu yekha chomwe chinamusangalatsa ndi kuseri kwa K1000, komwe kuli nkhokwe zachimanga za ku Mzuzu konkuno. Sanakhulupirire kuti chinthu cha m'tauni mwake chingakhale pandalama, mpaka bambo ake anamutenga kukaziona. Atabwera anandifunsa ngati tingakapempheko thumba limodzi poti ufa watsala pang'ono.

Lachisanu ndi tsiku lamsika. Timapita ku Zigwagwa wapansi, wamkulu amanyamula kapepala ka zogula komwe walemba yekha, tomato, anyezi, usipa, mpiru, nthochi, ndipo ndalama ya ndiwo zamasamba amagwira iye. Lamulo ndi loti asanapereke ndalama anene chenji chomwe akuyembekezera. Amayi ogulitsa anamuzolowera, ena amachita dala kumubwezera yopelewera kuti aone ngati azindikire, akazindikira amaseka nkumuikira basera. Kumeneko ndi komwe ndinaona kuti pa Chitumbuka ana anga anandipitirira kalekale. Ine ndimathera pa monire ndi tawonga chomene, kutsika mtengo ndimachita m'Chichewa, koma iwo amacheza mpaka nthabwala, nthawi zina wamkaziyu amandimasulira zomwe wogulitsa wanena ine nditaima pompo ngati mlendo.

Nkhani ya zilankhulo imeneyi ndimaitenga mozama kuposa mmene anthu amaganizira. M'nyumba timayankhula Chichewa, panja pamasewera ndi Chitumbuka chosakaniza, mabuku ndi Chingerezi, ndipo anzawo ena ndi Atonga ochokera ku Nkhata Bay ena Ankhonde a ku Karonga. Pali anthu akwathu omwe akhala kuno zaka zambirimbiri koma safuna ndi pang'ono pomwe kuphunzira chilankhulo cha eni dera, amati aliyense amamva Chichewa ndiye ndivutikirenji. Ine zimenezo sindigwirizana nazo. Kuseri kwa nyumba yathu kuli agogo ena achitumbuka omwe anandifotokozera kuti iwo makalasi oyamba anaphunzira m'chilankhulo chawo, kenako mu 1968 Chichewa chitakhala chilankhulo cha dziko Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pawailesi, nkudzabwereranso pa MBC mu 1994. Amanena mosakwiya koma umamva kuti chinawapweteka. Ndiye ana anga akamapita kukakhala pakhomo pawo madzulo kumvera vidokoni, nthano za Chitumbuka, ndimawalola ndi mtima umodzi, ndipo ndimawerengera kuti imeneyonso ndi piriyodi ya pa taimutebulo. Amabwera akuimba nyimbo za m'nthanomo, ine nkuwauza zakwathu za padangotero, tilitonse, nkumafananitsa kuti kalulu wa agogo anachita chani ndipo wa ku Ntcheu anachita chani. Agogowo salandira kanthu, ndimangowatumizira kambale ka ndiwo tikaphika zabwino, iwonso amatipatsa masamba a chinangwa.

Chingerezi sitinachitaye ayi, ndikudziwa bwino lomwe kuti mayeso ndi ntchito m'dziko muno zimadalira chimenecho. Timachiphunzira pakamwa kaye, nyimbo, kutumana, kutchula zinthu za m'nyumba, ndipo wamkulu wayamba kuwerenga timabuku tosavuta. Chomwe ndaona nchoti poti anadziwa kale kuti malemba amaimira mamvekedwe, sakuvutika ngati mmene amachitira poyamba paja, amangodandaula kuti azungu salemba chilungamo.

Sayansi yathu ilibe buku, imachokera ku mafunso awo, ndipo mafunsowo sathatu. Tinadula botolo la pulasitiki nkulemba mizere ndi rula, kuliika pabwalo kuti tiziyeza mvula, wamkulu nkumalemba m'kope m'mawa uliwonse. Anazindikira yekha kuti agogo ake ku Ntcheu akamanena pafoni kuti mvula yasiya tikukolola, kuno botolo limakhala likudzadzabe mpaka Epulo ndi Meyi. Madzi atasiya kutuluka pampopi tsiku lina funso linali loti kodi madzi amachokera kuti, amawapanga ndani? Tinakambirana za damu la Lunyangwa ndi nkhalango ya Kaning'ina yomwe imasunga madziwo, ndi chifukwa chake kudula mitengo kumeneko ndi nkhani yaikulu. Ndiye mwana anayang'ana thumba la makala lomwe linali pakhomo nkundifunsa kuti nanga awa achokera kuti. Eee. Ndinamuuza zoona, kuti ndi mitengo, ndipo kuti magetsi akazima kapena mayunitsi akatha tilibe pogwira pena. Sanakhutire, ndipo inenso sindinakhutire ndi yankho langalo, koma nsima inaphikidwa pambaula pomwepo.

Ulendo womwe anaphunzira zambiri ndi wa ku Nkhata Bay. Mtunda wake sufika ndi makilomita 50 omwe koma umachoka pamwamba, Mzuzu ili pa mamita opitirira 1,200 pomwe nyanja ili pansi pa mamita 500, ndiye tinanyamuka titavala majuzi, pofika ku Mpamba aliyense wavula, makutu akutsekeka potsika mapiri aja wamkaziyu nkumati amama ndagontha. Kufotokoza chifukwa chake kumwamba kumazizira kuposa kunyanja pomwe kumwambako ndi kufupi ndi dzuwa, imeneyo inandipinda, tinachita kukafufuza pa intaneti titabwerera. Tinapitirira pang'ono njira ya ku Chintheche kuti akaone mitengo ya mphira ya ku Vizara. Anaona khungwa lochekedwa mozungulira, utomoni woyera ukutsika pang'onopang'ono kulowa m'kakapu komangiriridwa pamtengo, anaugwira nkuununkhiza nkuchita tsinya, kenako tinagula mpira umodzi mwa ija anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu. Kuti tayala la njinga ya sacramento ndi madzi a mumtengo ndi pachibale, mnyamatayu anauza aliyense mulaini sabata yonse. Kunyanja anaona chinthu chakuda chikukwera kumwamba pakati pamadzi nkukuwa kuti sitima ikupsa, asodzi anaseka nkumuuza kuti ndi nkhungu, tizilombo touluka tomwe timatuluka m'madzi mochuluka zedi ndipo anthu amatigwira nkupanga ndiwo. Ilala sitinaipeze tsikulo, koma ndinawauza kuti yakhala ikuyenda panyanjayi chiyambire 1951, agogo awo asanabadwe, ndipo pano pakhoma pali zithunzi zake zojambula pamanja zomwe zili ndi mateyala.

Ku Mzuzu Museum tinapitako, anaona zida ndi zovala za makolo a kumpoto kuno. Chomwe chinandidabwitsa ine ndemwe nchoti tauni inoyi ndi yaing'ono pa zaka, inayamba cha m'ma 1947 ndi esiteti ya mitengo ya tung yomwe njere zake amayengera mafuta, nkudzakhala mzinda mu 1985. Ana sizinawakhudze kwenikweni, amafuna chipisi.

Tsopano ndisakunamizeni kuti zonse ndi zokoma. Kutopa kulipo kwambiri. Ndine mphunzitsi, wophika, wochapa, wogulitsa zitenje, ndipo kasitomala akaimba kuti ali mutauni akudikira katundu pomwe tili pakati pa masamu, masamuwo amaima. Kamng'onoka kakadwala sukulu yonse imatsekedwa. Bandulo imadula, ndiye mavidiyo a pa YouTube timachita kusankha amodzi amodzi, kudawunilodi usiku, ndipo foni ndi yomweyo ya bizinesi. Palibe belu, palibe hedimasitala woti akufunse sikimu, ndiye ulesi ukakugwira palibe okudzudzula, umangozindikira Lachinayi lafika kope lili mbee. Ndipo kuphunzitsa mwana wako ndi kosiyana ndi kuphunzitsa wa eni, amadziwa pomwe mtima wako uli pofewa, amalira pa zinthu zomwe pamaso pa madamu sangayerekeze.

Apongozi anga ndiye sanavomereze mpaka lero. Pafoni amati "apongozi, kodi adzukulu angawo mukufuna adzakhale mbuli? mwana amaphunzira ndi anzake." Atabwera kudzacheza, uthenga unalowa pafoni yawo magalasi atawaiwala kumudzi, wamkuluyu anawawerengera wonse bwinobwino, za msonkhano wa kumpingo ndi tsiku lake. Anamuyang'ana, anamupatsa K500, kenako anatembenukira kwa ine nkuti "wawerenga inde, koma yunifomu ndi ulemu apongozi." Ndinaseka koma mfundo yawo ya anzake ija sindiitaya. Zoona ana anga sasowa osewera nawo, 2 koloko ikakwana bwalo lathu limadzadza, mpira wachikulunga, fulaye, phada, jingo, mpaka ndimachita kuwabalalitsa kukada, Lamulungu ali ku Sande sukulu. Koma kusewera ndi kwina, kukhala m'kalasi ndi kwina. Kudikira nthawi yako yoyankha, kumvera munthu wamkulu yemwe si mayi ako ndipo sakukonda mwapadera, kulephera pamaso pa anzako nkudzukanso mawa kupitanso, kupikisana kuti ukhale nambala wani, zimenezo pakhonde pano sindingazipange. Wamkuluyu akaluza masewera amakwiya moonjeza ndipo ndimadzifunsa ngati si chifukwa choti pasukulu pake iye ndi nambala wani tsiku lililonse.

Komanso ndimadana ndi kamtima kena komwe ndimakaona m'magulu a pa Facebook a makolo ophunzitsa ana pakhomo, ambiri ndi akunja, konyoza sukulu ndi aphunzitsi ngati kuti otumiza ana kusukulu sakonda ana awo. Mayi yemwe amadzuka 4 koloko kukaoda tomato, kapena nesi wa naiti, kapena amene sukulu anasiyira sitandade 4, mumuuza kuti aziphunzitsa yekha nthawi yanji? Ine ndikutha chifukwa bizinesi yanga ndi ya pafoni, bambo awo amalandira pakutha pamwezi, ndipo ndili ndi madamu aja ndi agogo aja ndi amayi a kumsika omwe akundiphunzitsira ana osadziwa nkomwe. Mutandichotsera anthu amenewa nkunditsekera mumpanda wa geti ndi ana atatuwa, mwezi sungathe ndisanakawalembetse.

Za mtsogolo ndi zomwe tikukangana ndi bambo awo masiku ano. Lamulo la maphunziro la 2013 limati pulayimale ndi yokakamiza kwa mwana aliyense, ndipo mayeso a PSLCE a sitandade 8 ndi a MANEB, salembedwa pakhonde, komanso kusankhidwa kupita ku sekondale ya boma kumadalira mayeso omwewo. Ndiye tonse tikugwirizana kuti tsiku lina adzalowa m'kalasi, mkangano uli pa liti. Iwo akuti Seputembala yomwe ikubwerayi wamkulu akayambe sitandade 3, cholinga chinali choti adziwe kuwerenga ndipo wadziwa, tisamuchedwetse kuzolowera anzake. Ine ndikuti tidikire chaka chimodzi, alimbe kaye Chingerezi ndi kuchulukitsa, komanso mlongo wake wangoyamba kumene kugwira ndipo amalimbikira chifukwa choona mchimwene wake pamkeka. Madamu aja akuti abwere naye kusukulu kwawo tsiku limodzi temu isanathe akakhale nawo m'kalasi tione mmene achitire, bambo awo avomera, inenso ndavomera ngakhale monyinyirika. Mwini wakeyo titamufunsa anati akufuna kupita, chifukwa anzake anamuuza kuti pa buleki pageti pamagulitsidwa mafiriziisi ndi zigumu, ndipo wafunsa kale ngati azipatsidwa ndalama tsiku lililonse kapena Lachisanu lokha.